Ngongole yatha, nyumba ya bambo idakali chilili

Lachisanu lapitali ndinatuluka mu ofesi ina pa boma la Mangochi pano ndi kapepala m'manja, kodindidwa kuti ngongole yathu yatha. Sindinakwere kabaza. Ndinayenda wapansi mpaka pa mlatho wa Bakili Muluzi, n'kuima pakati penipeni kuyang'ana Shire akutsetserekera ku Malombe, misozi ili chuchuchu. Anyamata a njinga ankandicheukira ngati mutu wanga sukuyenda bwino. Asiyeni, sadziwa kuti kapepalako ndakadikira zaka zoposa zisanu.

Nyumba imene lero mukuitcha loji inali ya malemu bambo anga. Ili chakumtunda, mphindi 20 pagalimoto kuchokera pa boma, mukapatuka pamsewu wa ku Monkey Bay. Makoma ake ndi a njerwa zootcha, ochindikala moti ngakhale mu Okutobala m'kati mumakhala mozizira bwino. Khonde linazungulira mbali zitatu, ndipo pabwalo pali mlambe umene agogo anaupeza uli waukulu kale. Bambo atatisiya, nyumbayo inakhala zaka zingapo mukugona mileme. Achimwene anga ankati tigulitse tigawane.

Ine ndinali nditagwira ntchito zaka 11 m'mahotela a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira kuyala mabedi mpaka kulandira alendo. Pa kauntala panali funso limodzi limene silinkatha: "Mayi, kulibe chipinda cha kutali ndi zoimbazi?" Munthu wanyamuka ku Blantyre, wadutsa Zomba ndi Liwonde, makilomita pafupifupi 190, akufuna tulo basi. Afika apeza uku ukwati, uku msonkhano, masipika mpaka tambala woyamba. Ndipamene ndinadziwa kuti ku Mangochi kuno bata nalonso ndi malonda, kungoti palibe amene ankaligulitsa.

Anthu anandiseka. "Alendo amadzera nyanja, inu mukawagoneke kutchire?" Ine osamva. Tinapinyolitsa pepala la malo, tinatenga ngongole, tinasasula denga lonse, tinakumba mjigo, tinaika matailosi ndi mabafa m'zipinda zinayi. Mu Disembala 2019 tinatsegula, ndipo Khirisimasi imeneyo zipinda zonse zinadzaza. Ndinkayenda ngati sindikuponda pansi.

Amati walira mvula walira matope. Mu Epulo 2020 matenda a korona analowa m'dziko muno, ndege za kunja zinasiya kutera, misonkhano inaletsedwa, ndipo foni yanga inkangolira ndi mawu amodzi: "Pepani, sitibweranso." Ndinali ndi buku lalikulu lakuda lolembamo alendo. Ndinafufuta dzina ndi dzina mpaka tsamba linabooka. Miyezi isanu inatha popanda mlendo ndi mmodzi yemwe, koma chiwongoladzanja sichinadwale korona, chinkangokula.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndi lomwe anabwera anyamata awiri a kongongole, atavala mataye, wina atanyamula choko. Analowa chipinda ndi chipinda kuwerenga katundu. Matiresi, chizindikiro. Filiji, chizindikiro. Atafika pa mpando wandalema wa bambo, umene uli pakhonde mpaka lero, ndinati, "Achimwene, uwu si wa bizinesi, ndi wa malemu." Mnyamatayo sanandiyang'ane n'komwe, anangolembapo nambala 27. Atachoka, alonda athu, bambo achikulire a pamudzi pompano, anatenga kansanza konyowa n'kuyamba kupukuta chokocho pang'onopang'ono. Anangoti, "Amayi, musalire pamaso pa ana awa. Nyumbayi sichoka." Inu amene munkatimwetulira tsiku losaina, n'kusiya kuyankha moni titachedwa miyezi iwiri yokha, sinditchula dzina lanu. Koma uthenga umene mwanditumizira dzana woti nditengenso ngongole ina chifukwa ndine kasitomala wodalirika ndauwerenga, ndipo ndaseka.

Tinagulitsa galimoto. Kuseri kwa nyumba tinalima dimba la tomato, mpiru ndi anyezi pogwiritsa ntchito madzi a mjigo uja, ndipo amene ndinawalemba ntchito yoyala mabedi ankakagulitsa ndiwo kumsika. Zinatikoka choncho mpaka alendo a m'dziko momwe muno anayamba kubwera mmodzimmodzi.

Tisanapume, namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi n'kumazima tsiku lonse. Mlendo wolipira ndalama zambiri simungamupatse kandulo. Tinagula sola. Bambo wina wa mumzinda anatigulitsa mabatire akulumbira kuti atha zaka zisanu. Anatha miyezi itatu, ndipo foni yawo inathera limodzi ndi mabatirewo. Ngati mukuwerenga, bambo, mabatire anu alipo, nkhuku zathu zimagonapo. Kenako mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, moti gasi, sopo ndi nsalu zoyala zinakwera tikuona. Tinakweza mitengo, inde, koma sitinachepetse mbale.

Chodabwitsa chinachitika mu 2024. Nyanja inasefukira kuposa mmene ambiri a ife tinaionera, madzi analowa m'malo ambiri ogona alendo a m'mphepete. Kutchire kuja anthu ankatiseka nako kunali kouma. Sindikunyadira tsoka la anzathu ayi, ena mwa iwo ndi amene anandiphunzitsa ntchito, ndipo ndi iwo omwe anayamba kutitumizira alendo awo. Ambiri mwa alendowo anabweranso okha, ndipo ndalama za chaka chimenecho ndi zimene zinadula msana wa ngongole ija.

Mutu umodzi susenza denga, ndiye ndiloleni ndithokoze. Choyamba Mulungu. Abambo a kunyumba, amene munavomera kuyenda wapansi zaka zitatu galimoto itagulitsidwa, osanditonza ngakhale tsiku limodzi. Achimwene anga, amene poyamba munkati tigulitse koma zitavuta munabweretsa matumba a chimanga kuti antchito asagone ndi njala. Alonda athu aja. Amayi ophika, amene manja anu ndi amene amabweza alendo pano. Atsikana a m'zipinda, amene munalandira theka la malipiro miyezi yambiri osathawa. Agogo a mfumu ndi mudzi wonse, amene munagwirizana nafe kuti pakakhala chinkhoswe kapena zoimba muzitiuza nthawi ilipo, ndipo munatithandiza kukwirira maenje a mumsewu mvula itakokolola. Asodzi amene munkandipatsa nsomba pangongole mawu okha ali chikole. Amayi a banki m'khonde, amene simunabwere ndi choko. Ndi inu alendo oyambirira, amene munapirira madzi ozizira masiku a mabatire aja n'kukauzabe anzanu kuti abwere.

Lero tili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi, ndipo sitikufuna kupitirira pamenepo. Chilichonse chili ndi bafa lake la madzi otentha, bedi lalikulu la mtengo wa mbawa, neti yotchinga bedi lonse, ndi khomo lotulukira pakhonde. Sola yatsopano imagwira usiku wonse. Pano palibe masipika, palibe bala ya anthu ongodutsa, sitichititsa maukwati. Chimene chimakudzutsani ndi njiwa za mumlambe, mwina ndi adhana ya kumzikiti wa kutali mphepo ikalozera kuno. Tiyi timakupatsirani pakhonde nthawi imene mwadzuka, osati imene ife tafuna. Chambo timagula m'mawa womwewo, ndipo nyengo imene boma latseka nyanja kuti nsomba ziswane timakuuzani zoona, sitikupatsani nsomba ina n'kuitcha chambo. Nyama yathu yonse ndi ya halaal. Madzi a malambe ndi a mtengo womwe uli pabwalowo.

Mukatopa ndi kupuma, dalaivala wathu akutengani. Pa boma, pamene kale pankatchedwa Fort Johnston, pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, mfuti ya sitima ya Guendolen imene inaombera sitima ya Ajeremani mu Ogasiti 1914, ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Ambiri amangodutsa pamenepo pothamangira nyanja, osadziwa. Okonda madzi timapita nawo ku Cape Maclear, mu Lake Malawi National Park imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, akaone timbuna tamawangamawanga ndi nkhwazi zikuwakha nsomba. Ofuna njovu ndi mvuu, Liwonde ndi ulendo wopita n'kubwera tsiku lomwelo. Madzulo mumabwerera kuno kudzagona mopanda phokoso.

Pokondwerera kapepala kaja, aliyense wogona masiku atatu mwezi uno, tsiku lachinayi ndi laulere. Mutha kulipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo tilembereni pa tsamba lathu la Facebook. Za Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala musachedwe nazo, chifukwa nthawi imeneyo Mangochi yense amadzaza, ndipo ife zatsala zipinda ziwiri zokha. Mukabwera ndi amayi anu, mpando wandalema uja tidzawasungira. Nambala 27 ikuonekabe pang'ono kumsana kwake.