Ndamaliza sukulu, abale anga a ku Joni, zikomo

Lachinayi lapitali ndinavala gauni. Digiri yanga yachiwiri ya geophysics, maphunziro a zamkati mwa dziko, momwe ndinkafufuza zivomezi za pa pulaneti la Mars, yatheka, ndipo ndisanatumize n'komwe zithunzi kwathu ku Salima ndati ndiyambe ndi inu, chifukwa zaka zitatu zonsezi mwandibereka kumsana ndinu.

Ambiri mukudziwa zomwe zinandigwera chaka chachiwiri. Akuba anandilanda chikwama madzulo ndikuchokera ku Braamfontein, muli laputopu ndi ntchito ya miyezi isanu ndi iwiri. Mwezi usanathe amayi anagonekedwa m'chipatala kwathu, ndalama ya lendi n'kupita konko. Ndinali nditalongedza kale zoti ndikakwere basi ku Park Station. Azakhali a ku Rosettenville, munanditsekereza pakhomo n'kundiyalira matiresi pabalaza panu, chaka chathunthu osandifunsa ngakhale randi imodzi. Amayi a chipereganyu, munagwirizana kuti ndalama za mwezi umenewo zigule laputopu ina, ine ndisali n'komwe m'gulu mwanu. Achimwene a ku Yeoville, munkachoka kuntchito yaulonda m'mamawa muli ndi tulo, komabe munkandiperekeza pokakwera takisi mpaka mantha atandichoka. Mulungu akudalitseni nonse.

Azakhali, munandifunsa kangapo kuti ku Mars kuli ndani woti chivomezi chimugwetsere nyumba. Ndinalonjeza kuti ndidzayankha ndikamaliza.

Mukamagula mbiya pamsika mumaigogoda, ndipo kaliridwe kake n'komwe kamakuuzani ngati ili ndi mng'alu. Dziko nalonso ndi choncho. Palibe angakumbe mpaka pakati pake, koma chivomezi chikachitika mafunde ake amadutsa mkati monse, ndipo chipangizo chotchedwa seismometer chimawalemba. Mafunde a P amathamanga kwambiri ndipo amadutsa m'mwala ndi m'zamadzimadzi zomwe. A S amabwera pambuyo, ndipo akapeza zosungunuka amathera pomwepo. Umo ndi momwe anthu anadziwira kuti mkati mwa dziko lathuli muli chitsulo chosungunuka, ndipo mu 1936 mayi wina wa ku Denmark, Inge Lehmann, anapeza kuti pakatikati penipeni pali china cholimba.

Ku Mars anayesapo mu 1976 ndi zombo za Viking, koma chipangizocho chinali pamwamba pa chombo, ndiye zambiri zomwe chinkamva zinali mphepo. Chombo cha InSight cha NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, chinatera pa chigwa cha Elysium Planitia pa 26 November 2018, n'kunyamula seismometer yochokera ku France ndi mkono wake, kuikhazika pa dothi penipeni n'kuivundikira ndi chivindikiro choteteza mphepo ndi kuzizira. Inalemba zivomezi zopitirira 1,300. Chachikulu chinali cha pa 4 May 2022, cha mphamvu ya 4.7. Zambiri zinkachokera ku ming'alu ya Cerberus Fossae. Pa 24 December 2021 inamva mwala wogwa kuchokera kumwamba womwe unakumba dzenje la mamita pafupifupi 150 n'kufukula madzi oundana.

Chomwe chinandigwira mtima ine n'chakuti chipangizocho chinali chimodzi chokha pa pulaneti lonse. Kuno timayeza ndi mazanamazana. Kumeneko umadalira kutalikirana kwa nthawi yomwe P wafika ndi yomwe S wafika kuti udziwe mtunda, kenako n'kufunafuna mafunde ofooka omwe agunda pakati pa pulaneti n'kubwerera. Mafunde amenewo ndi omwe anasonyeza kuti pakati pa Mars pali chitsulo chosungunuka chosakanikirana ndi zinthu zopepuka monga sulufule. Ntchito yanga inali yosefa phokoso la mphepo m'zolemba zimenezi, zomwe aliyense angathe kuzitenga pa intaneti kwaulere. Masana ku Mars kumaomba mphepo, madzulo n'kukhala bata, ndipo zivomezi zambiri zinkamveka pa bata limenelo. Fumbi litakwirira masola, InSight inaleka kuyankha mu December 2022.

Agogo a kutchalitchi kwathu, inu ndakusungirani malo anuanu. Tsiku lomwe ndinakuuzani kuti ndikusiya sukulu simunandilalikire. Munangondifotokozera za masiku anu a ku Theba, momwe munkalowera mumgodi wa golide n'kuyamba mwagogoda denga ndi mgwala wachitsulo. Mwala wolimba unkalira ngati belu, wosweka unkalira mogonthera, ndipo apo munkadziwa kuti musaime pansi pake. Kenako munati ntchito yanga ndi yomweyo, ndipo m'mawa mwake munanditumizira ya takisi. Ndinalira njira yonse. M'buku langa lomaliza, tsamba lothokoza layamba ndi inu komanso anzanu omwe sanabwererenso kumudzi.

Amayi anachira. Dzulo pafoni amandikumbutsa za chivomezi cha ku Salima cha mu 1989, momwe anagonera panja masiku angapo poopa nyumba, n'kundifunsa ngati cha ku Mars chimamvekanso choncho.

Lamlungu tikaweruka kutchalitchi tikumane kwa azakhali. Nsima ndiphika ndine, usipa wafika kale pa basi. Ndibwera ndi laputopu munandigulira ija kuti mudzamve ndi makutu anu kulira kwa chivomezi cha ku Mars.