Kadzenje ka chala cha bambo awo

Lero ndatseka shedi 4 koloko isanakwane, mutu sukugwira. Madala ena a ku Mufakose, mu Harare momwemuno, anabwera kudzaona thako la mfuti lomwe ndakhala ndikuwasemera masabata atatu tsopano ndipo zomwe ananena zikundizungulirabe.

Mfutiyo ndi .303 Lee-Enfield yakalekale ya malemu bambo awo, koma chitsulocho ine sindinachionepo, chimakhala chokhomeredwa kunyumba kwawo pamodzi ndi mapepala a laisensi. Anangondibweretsera mtengo wake basi, mbali ija imatsamira paphewa, utang'aluka pakhosi pomwe dzanja limagwira. Ine ntchito yanga kuno ku Glen View ndi mipando ndi makabati, zamfuti sindinakhudzepo, koma nditauona mtengowo mtima unangoti tenga. Ku fakitale ankasemera mtengo wa walnut, ndiye walnut timupeza kuti kuno? Ndinatulutsa chidutswa cha mlombwa chomwe ndinabisa kalekale, anzathu achishona amati mukwa. Mlombwa sufota kwambiri ukamauma, chiswe sichiulowa wamba, komanso sulemera ngati teak wa ku Matabeleland woti mkono ungatope naye.

Chinandidyera nthawi ndi pakhosi paja. Mizere ya mtengo imafunika iyende motsata khosilo, ikapingasa ndiye mfuti ikangokankha kumbuyo pamathyoka. Tsiku lonse ndinali kungotembenuza thabwa ndisanalembe ndi pensulo. Kenako sompho, tupa, kupala ndi galasi losweka monga ankachitira amalume, sandipepa, ndiye mafuta a linseed pang'onopang'ono ndi chikhatho, kudikira aume, kupakanso. Mtundu utatuluka, kufiira kuja kosakanikira ndi golide, mpaka anyamata a shedi yoyandikana anabwera kudzajambula pa foni.

Ndiye madala afika, avula chipewa, ndawapatsa mpando. Autenga, auika paphewa, atsamiritsa tsaya, atsinzina diso limodzi kuloza kukhoma. Chete. Ine ndikudikira mawu abwino.

"Mwana wanga, wasema bwino. Koma chala changa chikusowa pokhala."

Ndinati madala simukumveka. Anatenga chakale chija n'kundionetsa kadzenje pakhosi, kosalala, kakuda bii, komwe ine ndinkakayesa kutha kwa mtengo ndipo ndinakadumpha dala. Akuti pamenepo ndi pomwe chala chachikulu cha bambo awo chinkakhala, zaka zonse zomwe ankalondera minda papulazi atachoka ku Dedza. Akuti akagwira pamenepo amakhala ngati agwirana chanza.

"Ndiye mukufuna ndikumbe dzenje pa ntchito yoti ndamaliza?"

"Ukumbe pang'ono chabe. Kapena usiye, ndi manja ako."

Kunena zoona zinandipweteka. Masabata atatu ndikuchotsa kachilema kalikonse, lero munthu akuti bwezeramo. Komanso dzenje la tupa ndi dzenje la chala si zimodzi, lija linakumbidwa ndi thukuta, langa lingakhale longoyerekeza. Ndinawauza choncho, mwaulemu ndithu. Anangogwedeza mutu, n'kulipira theka lotsala osatsitsako ngakhale dola imodzi, n'kunena kuti abwera Loweruka kudzatenga kuti apite nalo kwa wokonza mfuti akamangirire.

Atapita ndinakumbuka sompho yanga yomweyi. Mpini wake unali wa amalume, ndipo uli ndi pamalo pena poterera pomwe dzanja langa limangogwera lokha, sindinaganizepo n'komwe zousintha ngakhale wayamba kugwedera.

Mu kombi, minibasi zathu zija, ndabwera nazo zonse ziwiri m'chikwama, chakale ndi chatsopano. Mayi a kunyumba afunsa kuti bwanji nsima ikuzizira. Zili patebulo pano, magetsi apita, ndayatsa kandulo. Ndaika chala changa m'kadzenje kaja, n'kakang'ono kwa ine, bambo awo anali ndi manja owonda. Tupa ndinaiwala kushedi.