Pulagini ya AI mu Krita: onani kaye VRAM musanatsitse kalikonse

Pulagini yopangira zithunzi ndi AI mu Krita, pulogalamu yojambulira pa kompyuta, yagwira tsopano, koma tsiku lathunthu lapita pachabe chifukwa cha chinthu choti ndikanachiona m'mphindi imodzi. Pa Windows tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, dinani GPU, muwerenge pamene palembedwa Dedicated GPU memory. Imeneyo ndiyo VRAM, memory ya khadi la zithunzi la kompyuta yanu. Yanga ndi 4 GB. Ine osayang'ana n'komwe, ndinathamangira kutsitsa model ya SDXL (model ndi fayilo imene AI imagwiritsa ntchito popanga zithunzi), chifayilo cha pafupifupi 7 GB, intaneti ikudukaduka, n'kumayambiranso. Itatha madzulo, kudina Generate, kompyuta n'kungoti zii, kenako uthenga wa "CUDA out of memory". Kutanthauza kuti VRAM yadzaza. SDXL inaphunzitsidwa ndi zithunzi za 1024 x 1024, ndiye khadi laling'ono limatsamwa nayo. Model ina, Stable Diffusion 1.5, ya 512 x 512, imene fayilo yake yochepetsedwa ndi pafupifupi 2 GB, ndiyo inayenda bwinobwino.

Kuika pulaginiyo sikuvuta. Zip yake musaimasule, isiyeni momwemo. Mu Krita pitani ku Tools, Scripts, Import Python Plugin from File, musankhe zip ija, mutseke Krita n'kutsegulanso. Mukaona kuti sikuoneka, musayambe kuikanso, ingoyatsani AI Image Generation pa Settings, Dockers.

Paja ndikanayamba ndi ichi: pulagini payokha sijambula. Imangotumiza ntchito ku ComfyUI, pulogalamu ina yoyendetsa model, imene imamvera pa adiresi ya 127.0.0.1:8188 mu kompyuta yanu yomweyo. Ngati ComfyUI mwayatsa nokha, chiwindo chakuda chimene chimatseguka nayo musachitseke, chifukwa mukatero kulumikizana kwatha. Model iziikidwa mu foda ya models/checkpoints ya ComfyUI, ndipo LoRA (kafayilo kowonjezera pa model) ya 1.5 sigwira pa SDXL. Zimenezinso muzione musanatsitse.

Pokonza chithunzi chenicheni, zungulirani malo ochepa okha amene mukufuna kusintha, ndipo feather (yofewetsa malire a malo mwazungulirawo) ikhalepo pang'ono kuti m'mphepete musaoneke ngati chigamba. Strength, muyeso wa mmene AI isinthire malowo, ikakhala 100%, zonse za mkatimo zimafufutika, nkhope n'kusanduka ya munthu wina. Pakati pa 30 ndi 50% maonekedwe amatsala, AI imangosalaza ndi kuwonjezera pang'ono. Zala zikatuluka zisanu ndi chimodzi, zungulirani dzanja lokhalo muyesenso. Chimene mwachikonda chilandireni pa layer yakeyake, choyambirira chikhale pansi chosakhudzidwa.

Chithunzi chachikulu cha kamera, monga cha 6000 x 4000, musachipereke chonse kamodzi pa khadi ngati langali, uthenga wa memory uja ubweranso. Muzigwira kachigawo kamodzikamodzi. Ndipo chonde, nambala ya VRAM ija muione kaye, kenako muzisankha model.