Mvula yoyamba pa dooko

Usiku wonse sindinagone chifukwa cha kutentha kwa kuno ku Nchalo, kotero mvula itayamba kuwaza m'bandakucha, ndinatenga ambulera ndi kabuku kanga n'kukwera kabaza mpaka pa dooko lina la m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh. Dothi lomwe lakhala long'aluka kuyambira mu Seputembala linali kutulutsa fungo lija limene limachititsa mlimi kuyamba kufunafuna khasu lake.

Dzina la damboli linachokera kwa David Livingstone, amene anaona njovu zambirimbiri pano mu 1859. Njovuzo zinatha kalekale, koma mbalame zidakalipo, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe damboli linalembedwera mu 2017 pa mndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar. Pa dooko ndinapeza msodzi wachikulire akukapa madzi m'bwato lake.

"Bambo, mwalawirira nsomba?" anandifunsa.

"Ayi bambo, ndabwera kudzaona mbalame."

Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anaseka n'kundilozera chitsa choti ndikhalepo.

Anamzeze anali kuuluka chapansipansi kusaka tizilombo touluka, ndipo n'zovuta kukhulupirira kuti ena mwa iwo amachokera ku Ulaya chaka ndi chaka. Akakowa anali mbuu pamwamba pa namasupuni. Koma amene anandigwira mtima ndi nantchengwa, yemwe anatera pafupi kwambiri moti ndinkaona madontho a mvula akutsetsereka pa nthenga zake zofiirira. Ankaponda m'madzi osaya, n'kumavundula matope ndi phazi limodzi, kenako n'kuima duu kudikira chimene chituluke. Kachitatu konse anajompha pachabe. Kachinayi anatulutsa kachule, n'kukatsukuluza m'madzi asanakameze. Agogo anga ankatiletsa kugenda mbalame imeneyi kapena kukhudza chisa chake chachikulu chija, ndipo ngakhale lero, ndi imvi zangazi, ndinapezeka ndikupuma mosamala kuti ndisamudzidzimutse.

Kunena zoona, ife a m'chigwa chino mvula sitiimva monga mmene anthu a kumtunda amaimvera. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mvula ikangolira pa malata maganizo anga amathamangira ku Shire ndi ku Ruo, kuti madzi afika pati. Lero ndinakhala pa chitsa chija maola awiri, mvula ikundinyowetsa mapewa, ndipo nkhawa imeneyo sinandifikire n'komwe. Nkhwazi inalira kutsidya, itakweza mutu kumwamba monga imachitira, ndipo inzake inayankha chapatali.

Pobwerera ndinapeza kuti kabuku kanyowa ndipo inki yafalikira, moti mayina a mbalame omwe ndinalemba sakuwerengekanso. Msodzi uja anandigulitsa milamba iwiri, nandiuza kuti ndikadzabweranso ndidzalawirire kwambiri, chifukwa atsekwe amadutsa dzuwa lisanatuluke.