Sabata ya masika m'manja mwa madikoni

Anthu akamaliza kukolola, mipingo yambiri kuno ku Zomba imachita masika, tsiku lobweretsa zakumunda kutchalitchi pothokoza Mulungu. Akhristu ambiri amangoona za Lamulungu: nyimbo, amayi a Mvano atasenza malichero, matumba ataunjikana kutsogolo. Ife madikoni sabata ino tinaiyamba Lolemba, titanyamula kope, sikelo ndi matumba opanda kanthu.

Lolemba ndi Lachiwiri tinali m'miraga, magawo ang'onoang'ono a mpingo wathu, kuyambira ku Chinamwali mpaka ku Matawale. Banja lililonse limalembedwa dzina ndi chimene lapereka, ndipo chimalembedwa pomwepo mwini wake akuona. Ndowa ya malita 20 imathandiza kumene sikelo sinafike: ndowa zitatu za chimanga chotonola zimakwana pafupifupi thumba la makilogalamu 50. Koma mbale imodzi ya mtedza nayo imalowa m'kope, mzere wakewake. Gogo wina wa mmbali mwa Likangala anabweretsa mazira anayi atakulunga m'kansalu, akuti mvula ya Freddy mu 2023 inamusiyira moyo ndi nkhuku imodzi, ndiye chaka chilichonse mazira oyamba ndi a Mulungu. Pa Deuteronomo 26 zipatso zoyamba zinkabwera mu dengu, sanatchulepo kukula kwa dengulo.

Lachitatu ndiye tsiku la thukuta. Chimanga cha masika chimachokera m'makomo osiyanasiyana, china chouma bwino, china ayi, ndipo mukachiphatikiza osayesa, thumba lonse limachita chuku. Poyesa timaluma njere: youma imathetheka, yaiwisi imangophwanyika mwakachetechete. Pokayikitsa timathira chimanga pang'ono ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma n'kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali, chimangacho chibwerere padzuwa. Vuto la kuno n'lakuti nyengo yozizira chiperoni chimatsika kuphiri osapempha, tsiku lonse kuli mtambo ndi kamvula kowaza. Tinayanika pa lona kawiri, kawiri konse tinathamanga kukaanula.

Chikauma timapeta, kenako kuthira mankhwala a Actellic motsata muyeso wolembedwa pabotolo, osati mongoyerekeza ndi maso. Mankhwala akachepa anankafumbwe amangoseka. Matumba a PICS, aja osalowa mpweya, safuna mankhwala, bola mapepala awiri amkati asabooke ndipo lililonse limangidwe palokha. Mosungiramo timasanja pamatabwa, kutali ndi khoma, chifukwa simenti imatulutsa chinyezi.

Lachinayi ndi Lachisanu panalibe zambiri: mpunga wochokera ku Chilwa unafika, tinauyeza n'kuusunga padera.

Nkhuku, nthochi, chinangwa ndi masamba timakana kulandira Loweruka lisanafike. Ena amakhumudwa, koma chinangwa chikakumbidwa chimada m'kati pakangopita masiku awiri kapena atatu, ndipo nkhuku za m'makomo khumi mukazitsekera pamodzi sabata yonse, imodzi ya chitopa imapha zinzake zonse.

Lamulungu abusa atapempherera zopereka, zosachedwa kuwonongeka zinagulitsidwa panja mapemphero atatha. Pano pali mwambo umene ine sindigwirizana nawo, wowerenga mokweza mayina pamodzi ndi kuchuluka kwa matumba. Amene anabweretsa kambale amachita manyazi, chaka chamawa sabweranso. Ife tinalengeza za mlaga wonse pamodzi, mayina anatsala m'kope.

Ndalama zinawerengedwa ndi anthu atatu m'chipinda chotseka, onse n'kusaina. Zobwera pa Airtel Money ndi Mpamba zinalembedwa patsamba lina, poyerekeza ndi mauthenga a pafoni, chifukwa zikasakanikirana ndi za m'mbale mawerengero sagwirizana ndipo anthu amayamba kunong'onezana. Pa chimanga, bwalo la akulu ampingo linagamula kuti gawo lina lisagulitsidwe. Matumba amenewo tawalemba chizindikiro ndi choko, adikira Januwale ndi Febuluwale, miyezi ya njala, kuti akafike kwa amasiye ndi odwala a m'miraga momwemo.