Dzino langa ndi kamwala ka kumtsinje

Eya, dzino labenthuka. Amene mwaona kale chithunzi cha dzino langali sekani mumalize, koma zoti ndayamba kudya miyala ndi bodza. Ndinangoluma kamodzi, ndiponso ndinali pa kafukufuku.

Mwala wa sandstone suvuta kuuzindikira, ndi mmene ndinkauzira aliyense kumtsinje kuja. Ndi mchenga wamba umene unakwiririka kalekale, n'kupanikizika, kenako n'kumatidwa ndi simenti wachilengedwe monga silika, calcite kapena dzimbiri la chitsulo. Timchenga take sitipitirira mamilimita 2. Ukaukhudza umakhakhala ngati sandipepa, ukaudonthezera madzi umamwa, ndipo nthawi zambiri umaonetsa timizere ta mmene mchengawo unkasanjikizirana.

Ndiye ndinatola kena kofiira, kobulungira bwinobwino. Kukhakhala, eya. Madzi, kanamwa ngati kali ndi ludzu la chaka chathunthu. Ana atatu anandizungulira, ine ulaliki unandigwira: kufiiraku ndi chitsulo, kamwala aka kanaliona dziko kusanabadwe munthu. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti akatswiri a miyala amaikhudzitsa kumano kuti amve ngati ikulumika mchenga. Amaterodi, musanditsutse. Kungoti iwo amatero ndi miyala yofewa ya matope, ndipo amangokhudzitsa pang'ono. Ine ndinaluma ngati fisi.

Gwa!

Phokosolo linadutsa m'chibwano, n'kukwera m'khutu, n'kukatulukira kunkhongo. Ndinangoti chilili, kamwala kadakali m'kamwa, misozi ili lengelenge, mutu ndikugwedezabe mwaukatswiri ngati ndapeza zimene ndimafuna. Lilime linapita lokha kukawerenga mano, linawerenga kawiri. Mwana wina anafunsa ngati kakukoma. Pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala, mchenga wamba uja, wotchedwa quartz, uli pa 7, dzino lili cha pa 5. Masamu amenewa ndinkawadziwa kale, koma anandifika mochedwa.

Bambo wina wachikulire amene ankationerera anasendera. "Achimwene, tandipatsani ndikaone." Anakapukuta malovu anga pa udzu, n'kukatembenuza. "Iyitu ndi njerwa. Si uyu simenti wake kumbuyoku?"

Tsono tamverani. Chibenthu cha njerwa chikagubuduzika m'madzi zaka zingapo chimabulungira ngati mwala weniweni, chimakhakhala, chimamwa madzi, ndipo kufiira kwake n'kwa chitsulo chomwecho. Ndiye pa chitsulopo ana aja sindinawanamize. Zoti panalibe timizere ndinaona ndithu, koma ndinali nditalowa kale mu ulaliki.

Kanjerwako ndinabwera nako, kali pazenera. Kwa dokotala wa mano ndikupita Lachinayi, ndipo ndikufunafunabe choti ndikamuuze.