Mbale zisanu za ku Plovdiv

Popeza chithunzi chija cha mbale za supu amene ndinamwa ku Bulgaria chazungulira kale pagulu lathu la WhatsApp, ndipo ena mwayamba kunditchula "Mbale Zisanu", lekani ndidzifotokozere ndekha. Inde, mbale zinali zisanu. Inde, zonse zinali zanga. Koma silinali dyera ayi.

Tisananyamuke kupita ku Bulgaria, tinakhala masiku atatu pamaphunziro. Anatiuza zosajambula ana amasiye popanda chilolezo, zosawalonjeza kuti tidzabweranso, mpaka mbiri yoti dzikolo linalandira Chikhristu m'zaka za m'ma 860, nthawi ya wolamulira Boris I. Ndiye kuti ife amishonale a masabata awiri tinachedwa ndi zaka zoposa 1,000, koma tinapitabe. Pa zonsezo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula kuti kumeneko ukapukusa mutu ndiye kuti wavomera, ukagwedeza ndiye kuti wakana.

Tsiku loyamba kunyumba ya ana amasiye, kufupi ndi mzinda wa Plovdiv, kunatentha koopsa. Masana amayi ophika, achikulire a manja ngati a munthu wonyamula matumba a simenti, anatiikira supu. Dzina lake tarator. Yogati wothira madzi, nkhaka zoduladula, adyo, timasamba tonunkhira, ndipo wozizira ngati wangochoka mufiriji. Supu wozizira, abale anga! Ndinayang'ana abusa amene ankatitsogolera, iwo n'kungondinong'oneza kuti, "Luka 10:8." Paja ndi pamene ophunzira anauzidwa kudya zimene awaikira. Ndinatseka maso n'kumaliza mbale yonse mwa chikhulupiriro.

Amayi aja anabwera ndi poto, n'kuloza chipande. Ine mwaulemu wonse, dzanja pachifuwa, ndinapukusa mutu. Nkhope yawo inawala. Khuthu! Mbale ina, yodzaza mpaka m'milomo.

Ndinati mwina sanaone bwino. Nditamaliza yachiwiri ndinapukusa mwamphamvu, mpaka khosi kulira. Iwo anaitana mnzawo kukhitchini kuti adzaone mlendo wokonda tarator. Yachitatu inabwera ndi mtedza pamwamba, ya ulemu wapadera. Apa n'kuti ana onse asiya kudya, atandizungulira, akuwerenga m'chinenero chawo. Kamnyamata kena kopanda mano akutsogolo kanadzisankha kukhala kalaliki wa mbale: ndikangomaliza, iko kathamangira ina yoyera, yakale n'kuisanja pambali kuti umboni usasowe.

Pa yachinayi ndinkapukusa mutu ndi thupi lonse, misozi ili m'maso, adyo akutulukira m'makutu. M'mimba munkamveka khuvu khuvu ndikangosuntha, ngati chigubu chosadzaza pakaliyala wa njinga. Amayi aja anandipsompsona pachipumi. Ndikukhulupirira kuti pa zaka zonse zimene aphikira alendo, anali asanayamikiridwepo chonchi.

Mudzafunsa kuti bwanji sindinangonena ndi pakamwa. Mawu ake ndi afupi zedi: "da" ndi inde, "ne" ndi ayi. Ndinkawadziwa! Koma yesani inuyo kukumbukira chinenero cha eni m'kamwa muli nkhaka. Komanso wotitanthauzira, mtsikana wapayunivesite wozolowera alendo, ankagwedeza mutu mwa njira yathu akamalankhula nafe, ndiye ine ndikanadziwa bwanji? Nthawi yonseyi iye anali panja akuyankha foni. Polowa anapeza yachisanu ili pakati, anaseka mpaka kukhala pansi, kenako n'kundiuza kuti, "Achimwene, mwakhala mukupempha kuwonjezera."

Ndipo abusa, amene anali pafupi nane, anaona zonse. M'malo mondipulumutsa, ndi amene anajambula chithunzi chija. Mbale zokha, popanda mwana aliyense, motsatira malamulo.

Madzulo ake inali nthawi yanga yophunzitsa ana nyimbo yodumphadumpha. Ndinadumpha kawiri. Zotsatira zake sindilemba pano, kungoti chimbudzi chinali kumapeto kwa khonde lalitali kwambiri, ndipo zilembo za pazitseko zinali za Cyrillic, zilembo za kumeneko zimene sinditha kuwerenga.

M'mawa mwake ndinapeza amayi aja andikonzera poto wangawanga, wapadera. Ndinagwedeza mutu mosamala kwambiri, kukana kwenikweni kwa kumeneko. Koma usiku wotanthauzira uja anali atawafotokozera kuti alendofe tikagwedeza ndiye kuti tavomera.

Pochoka anandipatsa kapepala ka kaphikidwe kake, kolemba pamanja. Ndikadali nako m'Baibulo, sindinapeze wondiwerengera.